Ana Athu Amene Anakaphunzira ku Germany

Mu 1982 ana pafupifupi 900 a ku Mozambique anakwera ndege kupita ku Germany wa Kum'mawa. Anali ana aang'ono, ambiri a zaka 12 mpaka 14. Anyamata anali ochuluka kuposa atsikana. Boma linawasankha m'masukulu a m'zigawo zonse za dziko, ndi chigawo chathu cha Tete chomwe.

Kodi boma linatumiziranji ana kutali chotere? Dziko lathu linalandira ufulu mu 1975. Apwitikizi ambiri odziwa ntchito za makina anachoka. Anthu athu ambiri sankadziwa kuwerenga ndi kulemba. Mu 1979 Samora Machel ndi Erich Honecker, mtsogoleri wa Germany wa Kum'mawa, anachita pangano la ubwenzi ku Maputo. Sukulu ya ana aja inabadwa pa ubwenzi umenewu, ndipo inatchedwa Sukulu ya Ubwenzi. Inali m'tauni yaing'ono ya Stassfurt, kumene anthu ankakumba mchere pansi pa nthaka.

Tiyeni tione mmene ana ankakhalira. Ankagona m'nyumba zosanjikizana za pasukulu pomwepo. Chilichonse chinali ndi nthawi yake: kudzuka, kudya, kulowa m'kalasi ndi kugona. Ntchito yoyamba inali kuphunzira Chijeremani, pakuti maphunziro ambiri anali m'chinenero chimenecho. Panalinso aphunzitsi ochokera ku Mozambique. Iwo ankaphunzitsa Chipwitikizi ndi za dziko lathu, kuti ana asaiwale kwawo. Koma zinenero za makolo, monga Chichewa, Chinyungwe ndi Chisena, zinalibe malo m'kalasi.

Chakudya chinali chachilendo. Ajeremani sadya nsima. Amadya buledi, nyama ndi mbatata ya kachewere, yomweyi imene timalima kuno ku Angónia. Nanga kuzizira? Ife timadandaula ndi chisanu cha ku Domwe mu Juni ndi Julayi, koma cha ku Germany n'choposa. Mu Disembala ndi Januwale, pamene ife tikupalira chimanga, kumeneko madzi amauma gwaa ngati mwala. Mitengo imayoyoka masamba. Dzuwa limalowa cha m'ma 4 koloko madzulo. Mwana wozolowera kuyenda wopanda nsapato anafunika jekete yokhuthala, chipewa ndi zovala za m'manja.

Poyamba ana anaphunzira maphunziro a m'kalasi. Pambuyo pake anaphunzira ntchito za manja m'mafakitale, monga za magetsi ndi kukonza makina. Masiku opuma ena ankacheza ndi mabanja a Ajeremani. Ena mwa mabanjawo anawakonda ngati ana awo. Koma m'tauni munalinso anthu odana ndi khungu lakuda.

Chowawa kwambiri chinali ulendo wa kumudzi. Mwana wophunzira ku Tete amabwera ku Ulongwe sukulu ikatsekera. Wa ku Stassfurt sakanatero, pakuti ulendo wa pandege unali wautali ndi wodula. Ambiri anatha zaka 6 osaona amayi awo. Chowalumikiza ndi kwawo chinali kalata basi. Kholo losadziwa kuwerenga linkapita nayo kwa mphunzitsi kapena kwa mnansi kuti aliwerengere, ndipo mawu a mwana wake linkawamva m'kamwa mwa munthu wina. Kenaka nkhondo ya pakati pa boma ndi Renamo inakula. Cha m'ma 1986 anthu ambiri a ku Angónia anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, m'dziko la Malawi. Kalata yopita kumudzi wopanda anthu ikanafika kwa yani?

Ana aja ankayembekeza kuti pobwera adzalowa ntchito zimene anaphunzira. Zinthu sizinayende choncho. Samora Machel anamwalira pa ngozi ya ndege ku Mbuzini mu Okutobala 1986. Pamene iwo anabwera kumapeto kwa 1988, ali anyamata ndi atsikana akuluakulu, anapeza dziko lili pa nkhondo ndipo mafakitale ambiri sakuyenda. Ambiri anatengedwa kupita ku usilikali atangotsika ndege. Makalata awo a sukulu sanawathandize monga mmene anawalonjezera.

Mu 1990 Germany wa Kum'mawa anaphatikizana ndi Germany wa Kumadzulo n'kukhala dziko limodzi. Kuno nkhondo inatha mu 1992. Ena mwa ana aja anapeza ntchito chifukwa chodziwa Chijeremani. Ena anayambiranso sukulu. Lero ndi anthu a zaka zoposa 50, ndipo ena amasonkhanabe kukumbukira za ku Stassfurt.