Banki ndi Mlimi wa Fodya kwa Kaomba

Dzinja likatha, fodya atauma m'zigafa ndi kudindidwa m'mabelo, msewu wa M1 utadzala magalimoto opita ku okushoni ya Chinkhoma kapena ya Kanengo, munthu wofika pa boma la Kasungu m'mamawa amapeza khamu la alimi litandanda pakhomo pa National Bank, ena atatsamira njinga zawo, ena atafumbata mapepala a malonda m'kathumba ka pulasitiki, onse akudikira kumva ngati thukuta la chaka chathunthu lasanduka ndalama. Ambiri mwa iwo amaiyesa bankiyi nyumba ya dzulodzulo, koma mizu yake ndi yakale kuposa ufulu wa dziko lino.

Pakuti m'zaka za m'ma 1890, pamene makolo athu anali kusunga chuma chawo m'nkhokwe ndi m'khola, kampani ya African Lakes, imene anthu anaitcha Mandala, inayamba kusunga ndi kutumiza ndalama za azungu a malonda, a mishoni ndi a boma. Standard Bank inafika ku Blantyre mu 1901. Ntchito ya Mandala ija inagulidwa ndi National Bank of South Africa mu 1918, imene nayonso mu 1925 inalowa m'banja la Barclays. Mabanki awiriwa, Standard ndi Barclays, anayenda padera zaka zambiri, kufikira mu 1971, chaka chimene kwacha inalowa m'malo mwa paundi, pamene anaphatikana nabala National Bank of Malawi. Mnzake wopikisana naye, Commercial Bank of Malawi, amene lero atchedwa Standard Bank, anali atangotsekula kumene chitseko chake choyamba ku Limbe mu 1970.

Koma mbiri ya banki m'zigwa za Kasungu siingamveke popanda fodya. M'zaka za m'ma 1970, Dr Kamuzu Banda, mwana wa boma lomwe lino, atalalika kuti chuma chili m'nthaka, nduna, akuluakulu a chipani ndi ogwira ntchito m'boma anatsekula minda ikuluikulu, ndipo mabanki anawakongoza mowolowa manja, popeza iwowa anali ndi zikalata za malo zoti apereke chikole. Nkhalango za msuku zinagwa, zigafa zinamera, ndipo anthu anachoka kutali, ena ku Mulanje ndi Thyolo, kudzakhala matenanti. Tsono walira mvula walira matope: pofika kumapeto a zaka zimenezo, mtengo wa fodya utagwa ndi chiwongoladzanja chitakwera, maesiteti ambiri analephera kubweza ngongole, kotero kuti mabanki eni ake anagwedezeka kufikira pamaziko.

Chimene chimandiwawa m'mbiri imeneyi ndi ichi, kuti munthu amene anafesa nazale m'dzuwa la mwezi wa Okutobala, natunga madzi ndi keni m'mawa ndi madzulo, nathyola tsamba limodzilimodzi, nalisoka manja atada bii ndi phula la fodya, ndiye amene sanalidziwe khomo la banki. Lamulo la masiku amenewo linapatula fodya wa bale kuti akhale wa maesiteti okha. Mlimi wa pamudzi analima fodya wa chikopa nagulitsa ku ADMARC pa mtengo womuikira, ndipo tenanti analandira chotsala, ngati chinalipo, mwini munda atachotsa za chimanga ndi feteleza. Kunali kuyambira mu 1990, lamulo lija litayamba kumasulidwa, pamene alimi ang'onoang'ono, atasonkhana m'makalabu, analoledwa kutumiza mabelo awo ku okushoni, ndipo popeza malipiro a kumeneko amadzera ku banki, ana a matenanti analowa pakhomo pamene atate awo ankangopenyera patali.

Lero mlimi wa kwa Kaomba ku Kasungu angathe kuona ndalama zake pa lamya ya m'manja, osayenda mtunda wautali pa njinga, ndipo ichi nchosayenera kuchipeputsa. Komabe akulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Fodya amagulitsidwa m'madola a ku America, koma ndalama zisanafike m'manja mwa mwini wake, amachotsapo za okushoni, za msonkho, za galimoto yonyamula ndi za ngongole ya zipangizo, ndipo chotsalacho, chimene chifika m'miyezi yochepa yokha, chiyenera kudyetsa banja, kulipira sukulu ndi kugula feteleza kufikira chaka china. Pamenepa ndi pamene nyumba yosunga chuma iyenera kuonetsa ukulu wake.

Inu akuluakulu a National Bank, amene magawo anu akhala akugulitsidwa pa msika wa masheya kuyambira mu 2000, ndipo phindu lanu limalengezedwa chaka ndi chaka, kumbukirani kuti mlimi wa pa malo a makolo alibe chikalata chopereka chikole, koma ali ndi mbiri ya malonda ake imene yalembedwa m'mabuku anu omwe. Muiwerenge mbiri imeneyo, ndipo mumkongoze pa nthawi ya nazale, pa chiwongoladzanja chimene munda wake ungathe kubweza.