BONDO LIKAYAMBA KUWAWA MUSALEKE KUTHAMANGA

Masiku ano m'mamawa uliwonse anthu ambiri amathamanga m'mbali mwa mseu wa Great East mu Chipata. Ena ndi acinyamata a ku Kapata ndi Mchini amene akonzekera kulowa usilikali kapena upolisi. Ena ndi azibambo ndi azimai amene anauzidwa ku cipatala kuti acepetse thupi cifukwa ca BP ndi shuga. Enanso afuna kukhala monga Muzala Samukonga, amene anapata mendulo ya bronze pa liwiro la mamita 400 ku Paris mu 2024. Koma ambiri amaleka pakapita milungu yowerengeka cabe. Cowaletsa ndi bondo.

Kodi bvuto limacokera kuti?

Munthu akamathamanga, phazi lake limamenya pansi ndi mphamvu yoposa kulemera kwa thupi lake kawiri kapena katatu. Bondo likhoza kupirira zimenezi ngati lazolowezedwa pang'ono-pang'ono. Bvuto limabwera pamene munthu amene wakhala zaka osathamanga ayamba ndi makilomita 10 tsiku lililonse, pa tara, atabvala nsapato za salaula zakutha cidendene.

Kawiri-kawiri ululu umamveka kutsogolo, mozungulira kafupa ka pamwamba pa bondo. Umakula potsika phiri kapena masitepe, ponyonyomala, ndiponso mukakhala nthawi yaitali mutapinda miyendo mu minibasi. Kafupa aka kamayenda mu kanjira kake mwendo ukamapindika, ndipo minofu ya m'nchafu ndi m'ciuno ndiyo imakagwira. Minofuyi ikakhala yofooka, kafupako kamalemedwa nchito.

Ambiri amakhulupirira kuti kuthamanga kumadya maondo. Ofufuza anapeza kuti anthu othamanga mwa muyeso sadwala nyamakazi ya m'maondo kuposa aja ongokhala.

Zimene mungacite pa nyumba

Coyamba, cepetsani. Ngati bondo liwawa mpaka mutsimphina, lekani kuthamanga masiku angapo koma pitirizani kuyenda pansi pa malo osalala. Kugona cabe kumafooketsa minofu koposa.

Kulungani aisi mu kansalu ndi kuika pa bondo kwa mphindi 15 kapena 20. Musaike aisi pa khungu peni-peni.

Caciwiri, limbitsani minofu. Gonani cagada, mwendo umodzi wopinda. Nyamulani winawo uli coongoka kufikira walingana ndi bondo linzake, ndipo utsitseni pang'ono-pang'ono. Citani ka 10, pumulani, bwerezani katatu. Kenaka gonani cam'mbali ndi kunyamula mwendo wa pamwamba cimodzi-modzi. Mungathenso kukhala ndi kunyamuka pa mpando osagwirira. Citani izi masiku atatu kapena anai pa mlungu. Musataye mtima msanga, pakuti kusintha kumaoneka pakapita milungu 6 kufikira 12.

Pobwerera ku mseu, thamangani mphindi imodzi, yendani ziwiri. Onjezerani pang'ono mlungu uliwonse, ndipo siyani tsiku lopumula pakati. Pondani mofupikitsa, osatanyula kwambiri. Bwalo la mpira la pa sukulu ndi lofewa kuposa tara. Akulu-akulu anati kuthamanga sikufika.

Cenjerani ndi mapilisi ndi mphini

Panado ikhoza kucepetsa ululu. Koma pali cizolowezi coipa cogula Brufen kapena diclofenac pa kantemba, kumwa, ndi kupita kukathamanga. Mankhwalawa amangobisa ululu pamene bondo lipitiriza kupweteka. Akamwedwa masiku ambiri amadzetsa zilonda za m'mimba ndi kuononga impso. Amene ali ndi BP, zilonda za m'mimba, bvuto la impso, ndi azimai apakati, afunse kaye a nasi kapena dotolo.

Kutema mphini pa bondo sikucotsa ululu wotere. Lezala yogwiritsidwa nchito pa anthu ambiri ikhoza kupatsa HIV, ndipo cilonda ca mphini cikhoza kulowetsa tizilombo.

Pitani ku cipatala msanga ngati:

Bondo latupa, lafiira, litentha, ndipo thupi lonse latentha. Tizilombo tikalowa mkati mwa bondo timaliononga m'masiku ocepa cabe. Musagone nalo, pitani tsiku lomwelo.

Munamva kuthethetsa pamene munagwa kapena kupotoka, ndipo bondo linatupa nthawi yomweyo.

Simutha kuponda, kapena bondo likana kuongoka, kapena lingogonja lokha muli ciimire.

Latupa pang'ono-pang'ono kwa milungu yambiri ndipo muonda kapena mutuluka thukuta usiku. TB imagwiranso mafupa.

Mwayesa zonsezi kwa mwezi wathunthu koma palibe kusintha. Yambirani ku kiliniki ya kwanu, ndipo iwo adzakutumizani ku Chipata Central kapena ku St Francis ku Katete ngati kufunika.

Mau kwa makolo

Ana a zaka 10 kufikira 15 okonda mpira nthawi zina amatupa kacotupa kolimba pansi pa bondo. Si ufiti ai. Fupa likali kukula ndipo mtsempha umalikoka. Mwana acepetse kulumpha ndi kuthamanga kufikira ululu utatsika, ndipo kawiri-kawiri bvutoli limatha lokha akamaliza kukula. Koma mwana amene atsimphina, kapena amene adzuka usiku kulira bondo, muperekezeni ku kiliniki osazengereza.