Kazembe wa Chimormon: Amvera Washington kapena Salt Lake City?

Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Mwambi umenewu ndiwo ena amathamangira akamva kuti dziko la America lasankha munthu wa mpingo wa Mormon kukhala kazembe wake kunja. Ati munthu wotere ali ndi mabwana awiri: wina ku Washington amene amamulipira, wina ku Salt Lake City amene iye amakhulupirira kuti ndi mneneri wa Mulungu. Nanga tsiku loti awiriwa asemphana, kazembeyo adzathawira phanga liti?

Funsoli si lopusa ayi. Koma ine ndikuona kuti ambiri amene amalifunsa amayang'ana pamalo polakwika.

Poyamba tiudziwe mpingowo. Dzina lake lenileni ndi Mpingo wa Yesu Khristu wa Oyera Mtima a m'Masiku Otsiriza. Anauyambitsa ndi Joseph Smith mu 1830 m'chigawo cha New York, likulu lake lili ku Salt Lake City m'chigawo cha Utah, ndipo uli ndi anthu oposa 17 miliyoni. Otsata malamulo ake samwa mowa, tiyi ngakhale khofi, sasuta fodya, ndipo amapereka chakhumi. Anyamata ake ambiri amapita kukalalikira kwa zaka ziwiri kulikonse kumene mpingo wawatuma, ndipo otumidwa kunja amabwerako akulankhula chilankhulo cha eni dziko.

Ndi mmene zinawayendera a Jon Huntsman. Ali mnyamata anakalalikira ku Taiwan, n'kuphunzirako Chitchaina. Mu 1992 anakhala kazembe wa America ku Singapore, kenaka bwanamkubwa wa Utah. Mu 2009 Pulezidenti Barack Obama anawatumiza ku China ngakhale anali a chipani chotsutsa, ndipo kuyambira 2017 mpaka 2019 anali kazembe ku Russia. Chilankhulo chimene ankagwiritsa ntchito ku Beijing anachiphunzira akugogoda zitseko za anthu m'dzina la mpingo. Tsono wonena kuti chipembedzo sichikhudza ntchito konse akunama. Chimaikhudza, ndipo apa chinaikhudza mokomera dziko lawo.

Ena amadandaula za maphwando. Ati ntchito ya ukazembe imayendera tambula, ku China mlendo amalandiridwa ndi tiyi, ku Russia ndi vodka, ndiye wokana zonsezi akhumudwitsa eni mudzi. Kunena zoona iyi ndi nkhani yaing'ono. Akazembe achisilamu akhala akukweza tambula ya madzi kapena ya juwisi kwa zaka zambiri, ndipo ntchito imayenda. A Joe Biden ndi a Donald Trump onse samwa mowa, koma onse anafika pokhala pulezidenti wa America. Boma lanzeru limayang'ana zimene kazembe wabwera nazo m'chikwama, osati zimene zili m'kapu yake.

Pamene pagona nkhani ndi apa, abale anga. Mpingo uwu ndi wokonda kufalitsa uthenga, ndipo pali maiko amene zitseko zake n'zotseka. Boma la China limavomereza zipembedzo zisanu zokha: Chibuda, Chitao, Chisilamu, Chikatolika ndi Chipulotesitanti. Mpingo wa Mormon palibe pamndandandawo. Kulalikira n'koletsedwa, ndipo Amormon ochokera kunja amapemphera paokha, osasakanikirana ndi nzika za China. Mu 2010, a Huntsman ali kazembe ku Beijing, akuluakulu a mpingowu analengeza kuti akukambirana ndi boma la China kuti ntchito zawo ziziyenda mwadongosolo. Mpingo unanenetsa kuti palibe kazembe kapena mkulu aliyense wa boma la America amene analowererapo. Unayenera kutero, chifukwa aliyense ankaona kuopsa kwake: boma lochenjera likhoza kugwiritsa ntchito mpingo wa kazembe ngati nyambo. Likhoza kunong'oneza kuti, “Inu mukachepetsa phokoso pa nkhani ya akaidi a ndale, ife titsegulira anzanu chitseko.”

Inu a bizinesi mukuidziwa nkhaniyi. Mukatuma mnyamata kukaoda katundu ku Johannesburg, simufunsa ngati amapemphera Loweruka kapena Lamulungu. Chimene mumaopa n'choti angakagwiritse ntchito dzina lanu ndi ndalama zanu kukambirana mitengo ya katundu wakewake. Kwa kazembe n'chimodzimodzi.

Kodi a Huntsman anatseka pakamwa? Mbiri ikuonetsa kuti ayi. Ankayendera kundende Xue Feng, katswiri wa miyala, nzika ya America imene boma la China linamanga. Mu April 2011, akutsazika ku Shanghai, anadzudzula poyera kumangidwa kwa anthu monga Liu Xiaobo ndi Ai Weiwei. Munthu amene akunyengerera boma kuti likomere mpingo wake salankhula chotero.

Ku Russia zinthu zinafika pafupi kwambiri ndi khomo lawo. Lamulo la 2016 linachepetsa ufulu wolalikira, mpaka amishonale a Mormon anasiya kutchedwa amishonale n'kumatchedwa ongodzipereka. Mu March 2019 anyamata awiri a mpingowu, nzika za America, anatsekeredwa ku Novorossiysk kenaka n'kuthamangitsidwa m'dzikomo. Ofesi ya kazembe ili ndi udindo wothandiza nzika iliyonse imene ili m'mavuto, kaya ndi ya mpingo wa kazembeyo kapena ayi. Miyezi iwiri m'mbuyo mwake a Huntsman anali atakaona Paul Whelan kundende ku Moscow, munthu woganiziridwa zaukazitape, nkhani yosakhudza mpingo n'komwe. Muyeso wake ndi womwewo: kodi wa mpingo wako ndi wakunja ukuwathamangira mofanana?

Tisabise, pali mbiri ina imene imapatsa anthu chifukwa chokayikira. A J. Reuben Clark anali kazembe ku Mexico kuyambira 1930 mpaka 1933, ndipo chaka chomwecho analowa m'gulu la atsogoleri atatu apamwamba a mpingo. A David M. Kennedy anali nduna ya zachuma m'boma la Richard Nixon, kenaka kazembe ku NATO. Atachoka m'boma, mu 1974 mpingo unawatenga kukhala nthumwi yake yapadera, ndipo anathandiza kuti uvomerezedwe ku Portugal ndiponso ku Poland mu 1977, nthawi imene dzikolo linali m'manja mwa achikomyunizimu. Palibe lamulo limene anaphwanya. Koma maubale amene munthu wapanga pa ndalama za misonkho akamadzapindulira mpingo wake mawa, anthu ali ndi ufulu wofunsa. Ndipo afunse chimodzimodzi kwa kazembe amene akapuma amakalowa ntchito kukampani ya mafuta kapena kubanki.

Choipa ndi kulumpha kuchoka pa kufunsa n'kufika poweruza gulu lonse. Mu June 1989 boma la Jerry Rawlings ku Ghana linaimitsa mpingo wa Mormon pamodzi ndi Mboni za Yehova, pakati pa mphekesera zoti amishonale ndi akazitape a America. Anazunzika anali nzika wamba za Ghana, zimene zinakhala miyezi 18 osalowa m'tchalitchi mwawo. Kwathu kuno sitifunika kuuzidwa. Mboni za Yehova zinaletsedwa kuyambira 1967 mpaka 1993, pa mlandu woti wokana khadi la chipani ndiye kuti sakonda dziko. Mabanja anawotcheredwa nyumba, ena anathawira ku Mozambique ndi ku Zambia. Ndiko kumene kumathera maganizo oti chikhulupiriro cha munthu ndi umboni wa kusakhulupirika kwake.

Malamulo aakulu a dziko la America amaletsa kuyesa munthu chipembedzo asanapatsidwe udindo m'boma. Komabe a Reed Smoot, mtumwi wa mpingowu amene anasankhidwa kukhala senator mu 1903, anafufuzidwa mpaka 1907 asanasiyidwe mumtendere. Anakhala pampandowo zaka 30.

Kwa ine mafunso oyenera kumufunsa kazembe ndi atatu. Kodi uthenga umene akupereka ndi wa boma limene linamutuma? Kodi nkhani yokhudza mpingo wake ikafika padesiki amaulula n'kuisiyira ena? Kodi nzika zonse amazitumikira mofanana? Mafunso amenewa ndi a Mmormon, Mkatolika, Msilamu ngakhale amene sapemphera konse.

Ndipo taonani chimene chinawachotsa a Huntsman ku Beijing mu 2011. Sanaitanidwe ndi mneneri ku Salt Lake City. Anatula pansi udindo n'kubwerera kwawo kukapikisana nawo pa mpando wa pulezidenti, womwe panali bwana amene anawatuma. Inu ophunzira amene mukulota zodzaimira dziko lino kunja, dziwani kuti phanga lachiwiri limene limavumbwitsa kazembe nthawi zambiri si tchalitchi. Ndi ndale ndi thumba.