Ng'amba ndi Zokolola M'mapiri a Dowa ndi Ntchisi

Kuyambira kale maboma a Dowa ndi Ntchisi akhala nkhokwe ya Chigawo cha Pakati. Chimanga, mtedza, nyemba, soya ndi fodya zochokera ku Mponela, ku Madisi ndi ku Malomo zadyetsa mabanja ndi kuphunzitsa ana ambiri. Koma alimi okhala m'munsi mwa mapiri a Kongwe ndi Ntchisi akudandaula kuti mvula siikudalirikanso: imayamba mochedwa, imadukiza pakati, ndipo ikagwa imagwa yamkuntho.

Tiyenera kumvetsa kuti chimene chimapha chimanga si kuchepa kwa mvula ya chaka chonse kokha ayi, koma nthawi imene mvulayo yadukiza. Ng'amba ya masabata awiri kapena atatu mu Januwale kapena Febuluwale imapeza chimanga chikumasula ngayaye ndi kutulutsa ndevu. Ndevu zikachedwa kutuluka chifukwa cha kuuma kwa nthaka, mungu umayoyoka pachabe, ndipo chisononkho chimakhala ndi maso apatalipatali. Mvula ikabwerera pambuyo pake siingathe kubweza chimene chatayika. Kuonjezera apo, dziko likutentha kuposa kale, choncho chinyontho chimauma msanga m'mizere.

Mbiri yatiphunzitsa kale za zimenezi. M'chaka cha 1992 chilala chinachititsa kuti dziko la Malaŵi likolole chimanga chosakwana theka la chimene linakolola mu 1991. Mu 2016, chaka cha El Niño, anthu oposa 6 miliyoni anafunika thandizo la chakudya. Mu Malichi 2024 Boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 agwa m'ngozi chifukwa cha ng'amba. El Niño ndi kutentha kwa madzi a m'nyanja ya Pacific, kumene kawirikawiri kumachepetsa mvula kuno kumwera kwa Africa. Ndiponso kuyambira 2017 mbozi za fall armyworm zakhala zikuonjezera mavuto m'minda ya chimanga.

Komabe kumapiri vuto lina nlochokera kwa ife eni. Munda wa pamalo otsetsereka, wopanda mitengo ndiponso wa mizere yolunjika kumunsi, sungasunge madzi. Mvula yamphamvu imakokolola chajombo pamodzi ndi feteleza, ndipo pakapita masiku owerengeka a dzuwa mbewu zimafota. Mitengo yambiri yatha chifukwa cha makala, nkhuni ndi zigafa za fodya. Nkhalango ya Ntchisi ili ngati mphunzitsi wathu: pamene mitengo yasungidwa, akasupe sauma msanga.

Nanga tichite chiyani? Choyamba, munda uliwonse wa paphiri ukhale ndi akalozera, ndipo pa akalozerawo pabzalidwe udzu wa vetiva. Chachiwiri, alimi apange ngonyeka m'mizere kuti madzi alowe pansi pamene agwera. Chachitatu, mapesi asatenthedwe. Akwiriridwe kapena ayalidwe m'munda, ndipo manyowa athiridwe, pakuti nthaka ya manyowa imasunga chinyontho. Chachinayi, tibzale ndi mvula yoyamba yokwanira, tisankhe mbewu zocha msanga, ndipo pambali pa chimanga pakhale mbatata, chinangwa ndi nyemba. Mitengo ya msangu imene yamera m'munda isadulidwe, popeza imayoyola masamba nthawi ya dzinja ndi kuonjezera chonde.

Ntchito imeneyi si ya alangizi a zaulimi okha. Mafumu ateteze mapiri ndi magombe a mitsinje. Akuluakulu a m'maofesi a boma afikitse msanga kumidzi uthenga wa nthambi yoona zanyengo, alimi asanagule mbewu. Inu aphunzitsi, munda wa sukulu ukhale chitsanzo, ndipo ana aphunzire kuyeza mvula ndi kulemba tsiku lililonse limene yagwa.

Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Tisachite manyazi kusiya malimidwe amene sakugwirizananso ndi nyengo ya lero. Mvula sitingailamule, koma dontho lililonse logwa m'munda mwathu tingathe kulisunga.