Timaso Tofufuza Dzuwa Pakhomo Panu

Amayi a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Chia kufikira ku Dwangwa, ambiri mwa inu munagula sola ndi ndalama za usipa, koma batire likumatha nsima yamadzulo isanapse. Kawirikawiri sola imakhala ilibe mlandu. Vuto ndi malo amene inaikidwa, pamene mthunzi wa mango umafikapo msanga.

Mwana wasukulu wokonda zamagetsi angathe kukupezerani malo oyenera ndi tizipangizo tiwiri. Koyamba ndi kadiso kotchedwa LDR, kochepa ngati njere ya nandolo. Kukawala kamalola magetsi ambiri kudutsa, kukada kamawachepetsa. Kachiwiri ndi kakompyuta kokwana m'dzanja kotchedwa Arduino, kamene kanayambira ku Ivrea, m'dziko la Italy, m'chaka cha 2005. Ka mtundu wa Uno kali ndi makomo 6 olumikizapo timaso totere, ndipo kuwala kumene kadiso kalikonse kaona kamakusandutsa nambala, kuyambira 0 kufikira 1023.

Nanga timaso tikaposa makomowo? Pali kachipangizo kena, CD4051, kamene kamalowetsa timaso 8 pakhomo limodzi. Kakompyutako sikawerenga tonse nthawi imodzi ayi. Kamafunsa kamodzikamodzi mofulumira kwambiri, monga momwe inu mumayendera mathandala, kukhudza usipa apa ndi apo kuti mudziwe pamene pauma.

Mwana aike timaso tofanana padenga, pankhokwe ndi pabwalo, ndipo alembe manambala kuyambira m'mawa kufikira madzulo. Malo amene dzuwa limakhalitsa adzadziwika okha. Abwerezenso nyengo ina, pakuti mwezi wa June dzuwa limadzera kumpoto ndipo mithunzi imasuntha. Musade nkhawa, tizipangizoti timayendera mavoti 5 okha, koma mawaya a magetsi a m'khoma asawayandikire.

Ena mudzati kumeneku nkusewera. Kumbukirani William Kamkwamba wa ku Wimbe, kwa anansi athu ku Kasungu, amene m'chaka cha 2002, akali mnyamata, anayatsa nyale kwawo ndi makina a mphepo opangidwa ndi zitsulo zotayidwa. Kumbukiraninso munda wa sola wa mamegawati 60 umene unatsegulidwa ku Salima mu 2021. Ntchito zotere zimafuna amisiri.

Tsono mukaona mtsikana wanu akumasula nyale yakufa, musafulumire kumpatsa ndowa kuti apite kunyanja. Madzi akatunge mchimwene wake lero. M'mera mpoyamba.