Diso limaulula Parkinson manja asanayambe kunjenjemera

Dokotala akamakayikira kuti munthu ali ndi matenda a Parkinson, amamuuza kuti ayende, atembenuke, atambasule manja, agundanitse chala chachikulu ndi chamkombaphala mofulumira. Yankho limachokera pa zimene waona ndi maso, monga mmene James Parkinson wa ku London anachitira mu 1817 polemba za anthu 6 amene ankanjenjemera, kuwerama ndi kuyenda mothamangira kutsogolo. Chodandaulitsa n'chakuti pamene manjenje ayamba, maselo opanga mankhwala a m'thupi otchedwa dopamine m'kachigawo ka ubongo kotchedwa substantia nigra amakhala atafa kale pafupifupi theka, mwinanso kuposa. Matendawa amakhala atadya munthu mwakachetechete kwa zaka.

N'chifukwa chake akatswiri atembenukira ku diso. Kumbuyo kwake, m'kati, kuli kachikopa kopyapyala kolandira kuwala, kotchedwa retina. Mwana akamaumbika m'mimba, kachikopaka kamaphuka kuchokera ku ubongo weniweniwo, choncho dokotala akasuzumira m'diso amaona mbali ya ubongo popanda kung'amba munthu. Nakonso kali ndi maselo ake a dopamine, othandiza diso kuzolowera kuwala ndi kusiyanitsa chinthu ndi zimene zachizungulira. Mu 1990, ofufuza a ku Canada, Harnois ndi Di Paolo, anayeza maso a anthu omwalira ndi matendawa ndipo anapeza dopamine yochepa mu retina, makamaka mwa amene sanamwe mankhwala masiku awo omaliza.

Amoyo amayezedwa ndi makina otchedwa OCT, amene anatulukira mu 1991. Munthu amangotsamiritsa chibwano, kuwala kumadutsa m'diso, ndipo posakhalitsa pa kompyuta pamaoneka mizere yonse ya retina ndi kuchindikala kwake. Mu 2023, gulu la Siegfried Wagner ndi Pearse Keane la ku Moorfields Eye Hospital ndi University College London linasanthula zithunzi za anthu oposa 154,000 amene anapita kuzipatala za maso ku London, ndi za enanso oposa 67,000 a m'kafukufuku wa UK Biobank. Odwala Parkinson anali ndi mizere iwiri yam'kati yopyapyala kuposa ya anzawo. Chimene chinadzidzimutsa ambiri n'chakuti mwa anthu amene anadzadwala pambuyo pake, kupyapyalako kunalipo kale zaka pafupifupi 7 matendawa asanadziwike.

Apa m'pofunika kudekha. Kusiyanako n'kwakung'ono kwambiri, ndipo kumaoneka poyerekeza magulu aakulu, osati pa munthu mmodzi. Ukalamba, shuga ndi nthenda ya maso ya glaucoma nazonso zimapyapyalitsa retina. Amene angakuuzeni lero kuti wajambula diso lanu n'kupezamo Parkinson akuthamangira kutsogolo kwa sayansi.

Kwa ine, phindu la kafukufukuyu lafika kale penapake. Bungwe la WHO linati mu 2019 odwala matendawa anali oposa 8.5 miliyoni, ndipo ambiri mwa iwo amadandaula za maso koma samvedwa, poti aliyense amayang'ana dzanja lonjenjemeralo. Amavutika kuona madzulo, mitundu imazimiririka, zilembo zimaoneka ziwiriziwiri, maso amauma chifukwa saphethira kawirikawiri. Ena amaona anthu kapena nyama zimene palibe, ndipo kwathu kuno zoterezi sizichedwa kutchedwa ufiti kapena misala.

Komatu munthu wa Parkinson amayenda ndi maso kuposa tonsefe. Ubongo ukalephera kuyendetsa miyendo pawokha, diso ndilo limatsogolera phazi. Wodwala amatha kufika pakhomo n'kuima chilili ngati waponda ulimbo, koma mukamujambulira mizere yopingasa pansi, amaidumpha umodziumodzi n'kupitiriza ulendo. Diso lomwelo likafooka, chotsamira chake chachoka, ndipo kugwa kumachuluka. Kafukufuku wina waonetsanso kuti odwala amene maso awo afooka kwambiri ndiwo amafulumira kuyamba kuiwala.

Mankhwala a levodopa, amene akhala akugwiritsidwa ntchito kuyambira m'ma 1960, amachepetsa kuuma kwa thupi ndi kuchedwa kwa mayendedwe, koma sachotsa ng'ala ndipo salowa m'malo mwa magalasi. Wodwala Parkinson aliyense azipimidwanso maso nthawi ndi nthawi, achotsedwe ng'ala ikakhalapo, ndipo panjira yake yopita kuchimbudzi usiku pazikhala nyali.