Mumayeza BP ya anthu ena tsiku lonse, nanga yanu munayeza liti?

Mukuudziwa uthenga umene umafika pa gulu la WhatsApp m'bandakucha. Umayamba ndi mawu akuti "zovuta", kenako dzina la munthu amene munali naye kutchalitchi sabata yathayi, ali bwinobwino, akuseka. Anthu amafunsana kuti kodi amadwala, ndipo yankho limakhala lakuti ayi, anangogwa kuntchito, kapena sanadzuke. Pofika madzulo komiti yakhazikitsidwa, mayina a opereka chipepeso ayamba kulembedwa, ena akuimbira makampani a ndege kufunsa mtengo wotumizira thupi ku Lilongwe kapena ku Blantyre.

Pa nkhani ya maliro, Amalawi a ku South Bend ndi ku Indianapolis timagwirizana mogometsa. Munthu amatha kuyenda maola awiri ndi theka pa msewu wa US 31 atangoweruka shifiti ya usiku kuti akakhale nawo pa siwa. Koma chimene chinapha mnzathuyo sitimachikamba. Timangoti ndi chifuniro cha Mulungu, ena chapansipansi n'kumanong'onezana kuti pali dzanja la munthu kumudzi. Kawirikawiri imfa zadzidzidzi zoterezi zimachokera ku mtima kapena ku sitiroko, ndipo kumbuyo kwake kumakhala BP kapena shuga amene anakhala m'thupi zaka zambiri osadziwika.

Ku America matenda a mtima ndi amene amapha anthu ambiri kuposa matenda ena alionse, pafupifupi imfa imodzi pa zisanu zilizonse, ndipo ku Indiana nakonso ali patsogolo. Musaganize kuti ndi matenda a azungu amene tinawapeza kuno. Kafukufuku wa STEPS amene unduna wa zaumoyo ku Malawi unachita mothandizidwa ndi WHO mu 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ndipo oposa 90 pa 100 alionse mwa iwo sankadziwa n'komwe. Ambiri tinakwera nayo ndege. Mukukumbukira kuti Pulezidenti Bingu wa Mutharika anamwalira mu April 2012 mtima utaima, ndipo Levy Mwanawasa wa ku Zambia anamwalira mu August 2008 atachita sitiroko. Awa anali anthu okhala ndi madokotala awoawo.

Vuto la BP ndi lakuti siipweteka. Ambirife tinakula tikumva kuti munthu wa BP amamva mutu, chizungulire kapena mtima kugunda kwambiri, ndiye ngati izi palibe ndiye kuti tili bwino. Zoona zake n'zakuti magazi amatha kumakankha mitsempha mwamphamvu kwa zaka khumi munthu osamva kanthu. Nthawi yonseyo mnofu wa mtima ukukhuthala chifukwa chopopa movutikira, timitsempha ta mu impso ndi m'maso tikuwonongeka, ndipo mitsempha ya mu ubongo ikufooka. Tsiku limene munthu wamva kanthu, zambiri zimakhala zitawonongeka kale. Anthu akuda BP imatiyamba tili aang'ono poyerekeza ndi mitundu ina ya kuno, ndipo imationonga kwambiri, makamaka impso.

Chodabwitsa n'chakuti pakati pathu pali anamwino ndi ma CNA ambiri, anthu amene amamanga makina a BP pa mikono ya okalamba kangapo pa shifiti iliyonse, n'kulemba manambala mosamala. Mukawafunsa yawo, amaseka. Ena amagwira m'nyumba zosamalira olumala, ena m'mafakitale a ku Elkhart, ndipo ambiri amaphatikiza mashifiti awiri chifukwa kumudzi kuli fizi, feteleza ndi nyumba yosatha kumanga. Tulo ta maola anayi, chakudya chogula pa windo la galimoto, nkhawa ya mapepala ndi ya foni yochokera kumudzi, zonsezi zimakweza BP. Sindikunena kuti musiye kuthandiza abale. Koma banja lonse limene likudalira ndalama zanu likudaliranso mtima umodzi womwewo.

Manambala oti muwasunge ndi ochepa. BP yabwino ndi yosafika 120/80. Kuyambira mu 2017 madokotala a kuno amati munthu ali ndi BP yokwera ikamafika 130/80 kapena kupitirira mobwerezabwereza, pamene kwathu ambiri tinazolowera malire a 140/90. N'chifukwa chake mayi anu akhoza kuuzidwa ku Zomba kuti ali bwino, atafika kuno n'kuuzidwa zina. Ikafika 180/120 pamodzi ndi kupweteka pachifuwa, kubanika, kusaona bwino kapena kufooka mbali imodzi, imeneyo ndi ngozi, imbani 911.

Gulani makina omanga pamkono, pamwamba pa chigongono, osati a padzanja, ndipo onetsetsani kuti lamba wake akukwana mkono wanu, chifukwa lamba wothina amanamiza, amaonetsa BP yokwera kuposa mmene ilili. Musamwe khofi, kusuta kapena kuthamanga kwa mphindi 30 musanayeze. Pitani kaye kuchimbudzi, khalani pa mpando mphindi zisanu msana utatsamira, mapazi ali pansi, mkono uli patebulo molingana ndi mtima, osalankhula. Yezani kawiri motalikirana mphindi imodzi, m'mawa ndi madzulo, kwa sabata yathunthu, muzilemba. Kapepala kameneko n'kothandiza kwa dokotala kuposa muyezo umodzi wa kuchipatala, kumene ena BP imakwera chifukwa cha mantha chabe.

Shuga nayenso amabisala chimodzimodzi, ndipo akakumana ndi BP m'thupi limodzi amafulumizitsa kuwonongeka kwa mtima ndi impso. Kuno amakonda kuyeza ndi magazi otchedwa A1C: 5.7 mpaka 6.4 ndi chenjezo, 6.5 kupita m'mwamba ndi matenda a shuga. Ngati m'banja mwanu muli sickle cell, kapena mumachepa magazi, muuzeni dokotala, chifukwa zimenezi zimatha kusokoneza zotsatira za A1C ndipo angafune kuyeza mwa njira ina. Mukapita, pemphani kuti akuyezeninso mafuta a m'magazi aja amati kolesterolo, ndi mmene impso zikugwirira ntchito. Amayi amene BP inakwerapo ali oyembekezera anene zimenezi ngakhale patapita zaka zambiri. Chimodzimodzi amene ali mwana anadwalapo zilonda zapakhosi n'kutupa mfundo, kapena anauzidwapo kuti mtima wake uli ndi phokoso: matenda owononga zitseko za mtima oyamba ndi zilonda zapakhosi ndi ofala kwathu koma osowa kuno, ndiye dokotala wa ku Indiana sangawaganizire msanga mukapanda kumuuza.

Tsopano za m'mbale. Nsima si mdani wanu, ngakhale mitanda itatu usiku munthu n'kukagona si nzeru kwa wa shuga. Mdani wamkulu ndi mchere. WHO imati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi kosadzaza, kuwerengera zonse zimene wadya. Ku America mchere woposa magawo 70 pa 100 alionse umene anthu amadya umachokera m'zakudya za m'mapaketi, m'zitini ndi m'malesitilanti: buledi, soseji, nyama zodula za masangweji, supu wa m'chitini, pizza. Ife timawonjezerapo zathu, timakyubu tokometsera ndiwo, nsomba zouma zamchere zimene alendo amatibweretsera m'chikwama, soda wa m'therere, kenako kambale ka mchere patebulo kamene bambo amathira asanalawe n'komwe. Pa paketi muziyang'ana mawu akuti sodium. Malire ake ndi 2,300 mg patsiku, ndipo kwa wa BP ndi bwino kuyandikira 1,500 mg.

Chosangalatsa n'chakuti zakudya zimene tinakulira nazo ndi zomwe madokotala akulimbikitsa: nyemba, nandolo, khobwe, mbatata, nthochi, masamba otendera nsinjiro. Mpiru, collard greens ndi kale zimapezeka m'sitolo iliyonse, ndipo nthawi yotentha nkhwani ndi bonongwe zimamera bwino kuseri kwa nyumba ku Indiana. Chimene chinasintha ndi chakuti nyama imene kumudzi inali ya pa Khirisimasi kuno ndi ya tsiku lililonse, ndipo zakumwa zotsekemera timagula makatoni. Tisiyenso kuyamikirana kuti "mwanenepa, America yakuyanjani".

Nyengo yozizira ili ndi msampha wake, makamaka ku South Bend kumene sinowo wochokera ku Lake Michigan amagwa wambiri. Kuzizira kumafinya mitsempha, BP n'kukwera. Ndiye taganizirani bambo wa zaka 50 amene sachita masewera alionse, wadzuka 5 koloko m'mawa n'kuyamba kukokola sinowo wolemera ndi fosholo mothamanga kuti asachedwe kuntchito. Chaka chilichonse ku America anthu amafa motere. Ngati muli ndi BP, shuga kapena vuto la mtima, perekani fosholoyo kwa achinyamata. Ndipo mukagwidwa chimfine, musangotola mankhwala pa shelefu: otsegula mphuno okhala ndi pseudoephedrine, komanso opha ululu monga ibuprofen, amakweza BP. Funsani wa ku famase, kufunsa n'kwaulere.

Ambiri chimawaletsa kupita kuchipatala ndi bilu. Manthawo ndi omveka, koma njira zilipo. Pali zipatala zazing'ono zothandizidwa ndi boma zimene zimalandira munthu ngakhale alibe inshuwaransi, ndipo zimalipiritsa molingana ndi zimene amapeza. Ku South Bend ndi ku Mishawaka kuli HealthLinc, ku South Bend kulinso Indiana Health Centers. Ku Indianapolis kuli HealthNet ndi zipatala za m'madera za Eskenazi Health. Healthy Indiana Plan, imene anthu amangoti HIP, ndi inshuwaransi ya boma ya anthu a zaka 19 mpaka 64 opeza zochepa. Kuti munthu alowemo amayang'ananso mtundu wa mapepala ake okhalira m'dziko muno, choncho funsani alangizi otchedwa navigator, amene amathandiza kwaulere, kapena imbani 211. Chaka chilichonse, kawirikawiri mwezi wa July, pa nthawi ya Indiana Black Expo, ku Indiana Convention Center kumachitika chionetsero cha zaumoyo, kumene amayeza BP, shuga ndi zina zambiri osalipiritsa. Ndipo ngati makolo anu savutika ndi matenda okha komanso Chingerezi, chipatala cholandira ndalama za boma chiyenera kuwapezera womasulira kwaulere. Nenani kuti Chichewa kapena Nyanja. Mdzukulu wa zaka 12 asamasulire za matenda a agogo ake.

Mukapatsidwa mankhwala, dziwani kuti a BP si ngati a malungo oti mukamaliza ndiye mwachira. Manambala akatsika ndiye kuti mankhwalawo akugwira ntchito, mukasiya BP imabwerera. Ambiri amafunika mitundu iwiri. Kafukufuku wa CREOLE, amene anachitika m'mayiko asanu ndi limodzi a mu Africa kuphatikizapo Mozambique ndipo anasindikizidwa mu 2019, anaonetsa kuti kwa anthu akuda mankhwala awiri ophatikiza amlodipine ankatsitsa BP bwino kuposa ophatikiza opanda amlodipine. Ngati mankhwala akukutsokomoletsani, akutupitsa miyendo, kapena abambo mukuona kuti mphamvu za m'nyumba zachepa, musangosiya mwakachetechete. Nenani, amasintha. Milomo kapena lilime likatupa, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo. Adyo, moringa ndi mapemphero zisalowe m'malo mwa mapilitsi. Makolo akamabwera kudzacheza miyezi isanu ndi umodzi, werengani mapilitsi awo tsiku lomwe afika, chifukwa ambiri amabwera ndi a miyezi iwiri ndipo akatha sanena, kuopa kukuvutitsani.

Tsiku la ngozi likafika, musadikire kuti kuche ndipo musayendetse nokha galimoto. Kulemera kapena kuthina pachifuwa, ululu wopita ku mkono, ku nsagwada kapena kumsana, thukuta lozizira, kubanika, ndi zizindikiro za mtima; amayi ndi odwala shuga nthawi zina amangomva kutopa kwambiri, nseru kapena ngati chilungulira. Kukamwa kukapotoka, mkono umodzi ukafooka, mawu akamatuluka osamveka, imeneyo ndi sitiroko, ndipo onani nthawi imene zayamba, chifukwa mankhwala osungunula magazi oundana amaperekedwa m'maola anayi ndi theka oyamba. Imbani 911. Lamulo la EMTALA la mu 1986 limakakamiza zipatala za ngozi kumuyeza ndi kumuthandiza munthu mpaka atachoka pa ngozi, kaya ali ndi ndalama, inshuwaransi kapena mapepala, kaya alibe. Bilu idzabwera, koma imakambidwa, ndipo zipatala zosachita phindu zimakhala ndi ndondomeko yochepetsera osowa. Munthu akagwa osapuma, ikani manja pakati pa chifuwa chake ndi kudinikiza mwamphamvu ka 100 mpaka 120 pa mphindi mpaka ambulansi ifike.

Ku Los Angeles madokotala anayesa kutengera chithandizo cha BP kumalo ometera tsitsi 52 a anthu akuda, kumene abambo amapita kale ndipo amakhulupirira ometa awo. Wa ku famase ankakumana nawo komweko n'kumawapatsa mankhwala mogwirizana ndi madokotala awo. Zotsatira zake, zimene zinatuluka mu 2018, zinaonetsa kuti pa miyezi isanu ndi umodzi nambala ya pamwamba inatsika ndi 27, pamene kwa amene anangolangizidwa kuti akaonane ndi dokotala inatsika ndi 9. Ife malo athu otere tili nawo kale: chakudya cha pamodzi tikaweruka mapemphero a pa Sabata kapena Lamlungu, misonkhano ya amayi, mpira wa anyamata, chikondwerero cha pa 6 July. Anamwino tili nawonso. Chofunika ndi tebulo limodzi pakona pomwe ena sangamve, makina awiri okhala ndi malamba aakulu ndi aang'ono, ndi kapepala ka manambala a foni a zipatala zija. Woyezayo asunge chinsinsi, chifukwa pakati pathu nkhani imafika ku Area 25 dzuwa lisanalowe, ndipo pakatha milungu iwiri aimbire amene anapezeka ndi BP yokwera kuwafunsa ngati anapitadi. Komiti imene imasonkhetsa chipepeso ikhoza kugula makinawo pa msonkhano wake wotsatira, ndipo amene akupita kumudzi mwezi wa December atenge ena m'chikwama, pamodzi ndi mabatire ake, akawasiyire makolo.